Nyemba za Makolo: Kodi M'khungu Mwake Muli Chiyani?

Nkhani yathu lero ndi ya nyemba, ndiwo zimene sizisowa pakhomo pa Mmalaŵi, ngakhale kuti ambiri timaziyesa ndiwo za tsiku losowa nyama. Za kalimidwe kake alangizi a zaulimi amatiuza kawirikawiri, ndipo sitibwereza. Ife tikamba za kanthu kamene maso athu amakaona tsiku ndi tsiku osakalabadira: khungu la nyemba ndi utoto wake.

Pemphani lichero la nyemba za makolo kwa mayi wa ku Dedza, ku Ntchisi, ku Ntcheu kapena ku mapiri a Misuku, muliyang'ane mofatsa. Mupezamo zofiira zimene timati phalombe, zamawanga za nanyati, zoyera za kayera, zikuluzikulu za chimbamba, zotuwa za kaulesi zimene dzina lake likuchitira umboni kuti sizichedwa kupsa, zina zachikasu, zina zakuda bii. Maina amasiyana boma ndi boma, kotero kuti nyemba imodzi ikhoza kudziwika ndi maina awiri kapena atatu. Mu 1987 akatswiri awiri a ku Michigan State University, Gregory Martin ndi Wayne Adams, anafalitsa zimene anapeza atasanthula nyemba zochokera m'minda ya m'chigawo cha kumpoto. Iwo anaona kuti alimi ankabzala mitundu yambiri pamodzi m'munda umodzi, ndi kuti mwa apo ndi apo mitunduyo imakwatirana pa maluwa n'kubala njere za maonekedwe atsopano, zimene mlimi amazisunga akazikonda.

Mbewu imeneyi sinabadwire muno. Anthu anayamba kuilima zaka pafupifupi 8,000 zapitazo m'madera awiri a America: ku Mexico, ndi ku mapiri a Andes kumene lero kuli maiko a Peru ndi Bolivia. Kuno ku Africa inafika ndi zombo za Apwitikizi zaka mazana angapo zapitazo, ndipo inalowa kumtunda m'njira za amalonda. Nyemba za njere zikuluzikulu zimene Amalaŵi timazikonda ndi za fuko la ku Andes, pamene zambiri za njere zing'onozing'ono ndi za fuko la ku Mexico. Tsono tikamati nyemba za makolo tikunena ntchito ya manja a agogo athu, makamaka amayi, amene m'mibadwo yonseyi akhala akusankha njere zoyanjana ndi dothi lawo, mvula yawo ndi mphika wawo.

Kuti timvetse za utoto, tiyambe tamasulira liwu limene lafala masiku ano pa zitini za zakumwa ndi m'kamwa mwa ogulitsa mankhwala, liwu loti antioxidant. Khasu mukalisiya pamvula limachita dzimbiri. Peyala mukalidula n'kulisiya pambale limada. Nsinjiro zikakhalitsa zimanunkha ndi kuwawa. Zonsezi mwini wake ndi mmodzi, mpweya wa okosijeni, womwewu umene timapuma kuti tikhale ndi moyo. M'matupi mwathunso, pamene chakudya chikupsa ndi mpweyawu kuti chitipatse mphamvu, pamatuluka tizidutswa tolusa timene akatswiri amatitcha ma free radical. Timeneti timakanda mafuta, mapuloteni ndi maselo enieniwo a thupi, ndipo utsi wa fodya kapena wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umatichulukitsa. Mu 1956 Denham Harman wa ku United States ananena kuti kukandika kotereku kuli ndi mbali pa kukalamba kwa munthu, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri akhala akufufuza nkhaniyi. Chinthu chilichonse chimene chimagwira tizidutswato tisanaononge ndicho chimatchedwa antioxidant. Finyirani ndimu pa peyala lodula lija, muona kuti silida msanga, chifukwa vitamini C wa m'ndimu watchinga. Thupi limadzipangira lokha alonda otere, ndipo ena limawalandira kuchokera ku zakudya.

Nanga nyemba alonda amenewa imawasungiranji? Mbuzi ikaona fisi imathawa, koma njere imene yakwiriridwa m'nthaka iyenera kudikira pomwepo, pakati pa chinyezi, chuku ndi tizilombo. Chida chake ndi mankhwala amene chomera chimapanga n'kuwaunjika m'khungu la njere. Khungulo ndi lopyapyala, limangokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa njere yonse, komabe ndimo mmene muli ochuluka a mankhwala a gulu lotchedwa polyphenol. Ichi ndicho chifukwa chake njere zoyera zimafulumira kuola m'dothi lozizira ndi lonyowa kusiyana ndi zofiira kapena zakuda. Utoto umene ife timauona ngati chokometsera, kwa nyembayo ndi chishango.

Mankhwalawa ali ndi mabanja ake. Nyemba zakuda ndi zina zofiira zili ndi anthocyanin, utoto wa banja lomwe lija limene limadetsa lilime la mwana wodya mabulosi kapena jambula, ndiponso limene limafiiritsa chidede. Pafupifupi nyemba zonse za khungu la utoto zili ndi tannin, amene mumamumva akuumitsa m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi wowirira kwambiri wopanda mkaka. Zachikasu ndi zina zofiira zili ndi kaempferol ndi quercetin, ndipo wachiwiriyu amapezekanso mu anyezi. M'kati mwa njere, pansi pa khungu, muli ferulic acid, amene amapezeka m'nyemba za mitundu yonse, ngakhale zoyera. Mwachidule, khungu likamadera kapena kufiira, kawirikawiri ma polyphenol amachulukanso, likamayera, amachepa.

Amayi ogulitsa pamsika ali ndi umboni wa ntchito ya mankhwalawa, ngakhale sanalowepo m'chipinda cha sayansi. Nanyati wongokolola kumene amawala, mawanga ake amaoneka bwino pa khungu loyererako. Pakapita miyezi khungu lija limadera, ndipo wogula wozindikira amadziwa kuti nyemba izi ndi zogonera. Chachitika n'chiyani? Tannin wa m'khungu wakumana ndi mpweya ndi kuwala, ndipo wasintha maonekedwe monga lichitira peyala lodula. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti m'khungumo muli mankhwala amene amagwirana ndi mpweya.

Tsopano tifike pa funso limene omvera ambiri ali nalo: kodi zimenezi zimatithandiza chiyani ife akudya? Apa tiyenera kuyenda mosamala, pakuti ogulitsa amanena zambiri kuposa zimene akatswiri atsimikiza. Mu 2004 akatswiri a unduna wa zaulimi wa United States anayesa zakudya zoposa 100 kuti aone mphamvu yake yogwira ma free radical. Mwa zinayi zimene zinatsogola, zitatu zinali nyemba zouma, ndipo yoyamba inali nyemba yaing'ono yofiira. Mbiriyi inamveka dziko lonse. Koma mu 2012 unduna womwewo unaleka kufalitsa kaundula wake wa miyeso yotere, ponena kuti zimene zimachitika m'botolo la woyesa sizisonyeza zimene zimachitika m'thupi la munthu, ndi kuti amalonda ankagwiritsa manambalawo posocheretsa ogula. Ndipotu ma polyphenol ambiri salowa m'magazi momwe alili. Amatsikira m'matumbo aakulu, mmene tizilombo tabwino tokhala m'menemo timawaphwanya, ndipo zina mwa zimene timatulutsa ndizo zimalowa m'thupi.

Phunziro lina lowawa linachokera ku Finland. Kumeneko amuna osuta fodya pafupifupi 29,000 analowa m'kafukufuku, ndipo ena mwa iwo ankamwa mapiritsi a beta-carotene, amene ndi antioxidant wopezeka m'makaroti ndi m'maungu. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inapezeka yochuluka ndi magawo 18 pa 100 pakati pa omwa mapiritsiwo kusiyana ndi anzawo. Chinthu chimodzi chikazulidwa m'chakudya n'kuunjikidwa m'piritsi sichichitanso monga chimachitira chili pamodzi ndi zinzake. Choncho munthu akakufikirani ndi botolo la mtengo wapatali n'kumati lili ndi ma antioxidant ochiza shuga, khansa kapena kuthamanga kwa magazi, gwirani thumba lanu. Wodwala apite kuchipatala, ndipo amene anapatsidwa mankhwala ndi dokotala asawasiye chifukwa cha nyemba kapena chakudya china chilichonse.

Chimene chili ndi umboni wolimba ndi nyemba yathunthu, yodyedwa kawirikawiri monga ndiwo. Gawo limodzi mwa magawo asanu a nyemba youma, kapena kuposerapo pang'ono, ndi mapuloteni omanga thupi, ndipo mapuloteni ake ali ndi lysine amene amaperewera m'chimanga. Nsima ndi nyemba zimakwaniritsana. Ili ndi faiba wambiri, ndiye gawo lija la chakudya losagayika, longa gaga wa chimanga, limene limathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino ndi kuti shuga asakwere mofulumira m'magazi munthu akadya. Mu 2014 akatswiri a ku Toronto m'dziko la Canada anaphatikiza zotsatira za mayeso 26, ndipo anapeza kuti kudya magalamu pafupifupi 130 a nyemba zophika kapena zinzake za m'makoko tsiku lililonse, ndiye kapu imodzi yosadzaza, kumatsitsa ndi magawo asanu pa 100 mtundu woipa wa cholesterol, mafuta aja amene amatseka mitsempha ya magazi. Ma polyphenol ndi amodzi mwa antchito ambiri m'njere imeneyi, ndipo amagwira ntchito pamodzi ndi anzawo.

Kodi tsono tonse tithamangire nyemba zakuda ndi zofiira, zoyera tizitaye? Ayi, pakuti walira mvula walira matope. Tannin yemwe uja amene amagwira ma free radical amagwiranso ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi, n'kumuletsa kulowa m'thupi. M'kati mwa njere mulinso phytate, amene chomera chimasungiramo chakudya cha mphukira yake, ndipo nayenso amamanga ayironi ndi zinki. Nkhaniyi kwa ife si yaing'ono. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amayi 33 anali ochepa magazi, ndipo mwa ana 100 alionse a miyezi 6 mpaka zaka 5, ochepa magazi anali 63. Akatswiri a ku Ithaca, m'chigawo cha New York, poyesa ndi maselo ndiponso ndi nkhuku, anapeza kuti nyemba zoyera ndi zina zachikasu zimapereka ayironi wake mosavuta kusiyana ndi zakuda ndi zofiira. Nyemba imene ili pambuyo pa mpikisano wa utoto ili patsogolo pa mpikisano wa magazi.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Palibe mtundu umodzi wa nyemba umene uli ndi zonse. Yakuda ili ndi chake, yoyera ili ndi chake, yachikasu ndi yamawanga nazonso zili ndi zake. Agogo athu posakaniza mbewu ankaganiza za m'munda: mtundu wina ukagwidwa ndi chiwawu wina upulumuka, wina ucha msanga kuti uthetse njala, wina upirira mvula ikadula. Lero tikuona kuti nzeru yomweyo imagwiranso ntchito m'mbale. Banja limene limadya nyemba zosakaniza, kapena kusinthasintha mitundu pa mlungu, limalandira zabwino za mbali zonse.

Mphika nawo uli ndi mbali yake, ndipo pano ndiyankhule ndi inu amene mumaphika. Choyamba, nyemba ziyenera kubwata ndithu mpaka kupsa. Nyemba zosaphika zili ndi lectin, amene amachuluka m'zofiira zikuluzikulu, ndipo njere zinayi kapena zisanu zosapsa ndi zokwanira kusanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Kubwata kwamphamvu kosachepera mphindi 10 kumamuononga, pamene kungofunditsa pa moto wozilala sikumuthetsa. Mwana asamatole njere mumphika umene wangotereka kumene.

Chachiwiri, viikani nyemba m'madzi usiku wonse. Zimapsa msanga, ndipo nkhuni kapena makala amene mukanatentha amatsala. Madzi oviikira amatenga ena mwa mashuga amene amadzaza mpweya m'mimba, koma amatenganso utoto wina. Amene mimba imamuvuta awataye, pakuti tannin wambiri amatsalabe m'khungu. Msuzi wophikira wokha usatayidwe, chifukwa kufiira kwake ndi utoto womwe uja umene watuluka m'khungu, pamodzi ndi michere ina. Soda ndi chidulo zimafewetsa nyemba mofulumira, koma zimaononga vitamini B1, choncho kuviika kuposa soda. Ndipo nyemba zisungidwe pamalo ouma ndi ozizira, popeza kutentha ndi chinyezi ndizo zimaumitsa njere mpaka kumakana kupsa tsiku lonse.

Chachitatu, thandizani ayironi. Vitamini C amamasula ayironi amene wamangidwa, kotero kuti matimati ndi masamba osapsetsa kwambiri pambali pa nyemba, kapena gwafa, lalanje, papaya kapena malambe mutangotha kudya, zimapindulitsa mbale yonse. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi. Mu 1975 madokotala a ku Johannesburg anasonyeza kuti tiyi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi wolowa m'thupi, ndipo wochititsa ndi tannin yemweyo. Mayi woyembekezera ndi aliyense wochepa magazi adikire ola limodzi atadya asanamwe tiyi. Chipere, chimene timaphika titachotsa makungu, chimataya utoto ndi tannin wambiri, koma pa chifukwa chomwecho ndi chofewa m'mimba ndipo chimayenera mwana wamng'ono ndi wodwala. Khwanya naye tisamuiwale: masamba a nyemba ali ndi mavitamini amene njere youma ilibe.

Abale a nyemba akutiphunzitsanso zomwezi. Khobwe ndi nzama ndi mbewu zobadwira muno mu Africa, ndipo nazonso zofiira ndi zakuda zili ndi tannin wambiri kuposa zoyera. Kalongonda, amene amadyedwa m'maboma ena a kummwera, ali ndi L-dopa, mankhwala amene madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson pa muyeso wake. M'chakudya, akachuluka, amasanzitsa, amachititsa chizungulire ndi kusokoneza mutu. N'chifukwa chake amayi amaphika kalongonda nthawi yaitali, akutaya madzi ndi kuthira ena kangapo konse. Chochokera ku chomera sikuti nthawi zonse ndi bwenzi. Chomera chinapanga mankhwala ake podziteteza chokha, ndipo luso la wophika ndilo limasiyanitsa chakudya ndi poizoni.

Chodetsa nkhawa n'chakuti lichero losakaniza lija likusowa. Wogula wa m'tauni, sukulu zogonera konko ndi amalonda otumiza kunja amafuna thumba la mtundu umodzi, loti lipse nthawi imodzi, ndipo zosakaniza amazigula motsika. Mlimi wofuna ndalama amasankha mtundu umene ukuyenda malonda, ina ija n'kuisiya. M'chaka cha njala mbewu imathera mumphika. Namondwe Freddy atakokolola minda ndi nyumba ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a kummwera mu Malichi 2023, mabanja ambiri anataya chakudya pamodzi ndi mbewu zimene anasunga. Mtundu umene unali m'manja mwa mabanja ochepa okha ukatayika motero, palibe sitolo imene mungakaugule.

Sitikunyoza mbewu zamakono. Napilira, amene anatulutsidwa mu 1995, amabereka ngakhale m'dothi loguga. NUA 45, imene inavomerezedwa muno mu 2009, ili ndi ayironi ndi zinki wochuluka. Ku Rwanda, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti atsikana a pa yunivesite amene anadya nyemba za ayironi wambiri kwa masiku 128 magazi awo anakwera kuposa a anzawo amene anadya nyemba wamba. Koma mbewu yamakono iliyonse ili ndi makolo, ndipo akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bunda sangapange chatsopano popanda chakale. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko yosungira mbewu za mitundumitundu, ndipo ku Colombia bungwe la CIAT likusunga mitundu ya nyemba yoposa 35,000 yochokera m'maiko ambiri. Nkhokwe zimenezi ndi zofunika, komabe njere yogona m'chipinda chozizira siphunzira mvula ya chaka chino, ndiponso sikumbukira dzina lake ndi kaphikidwe kake. Zimenezo zimasungidwa ndi anthu olima ndi kudya.

Tsono pempho lathu kwa inu achikumbe ndi ili. Limani mtundu wa malonda, pakuti ndalama ya sukulu ndi ya feteleza ikufunika, koma siyani mizere ingapo ya nyemba za makolo. Mukakolola, sankhani njere zabwino za mtundu uliwonse, muziumitse bwino, muzisakanize ndi phulusa losefa poteteza anankafumbwe, muzitsekere m'botolo kapena mumtsuko pamalo ozizira. Gawanani ndi achibale a kumudzi kwina, kuti tsoka likagwa kuno mbewu ipezeke uko. Inu aphunzitsi, tumani ana abwere ndi njere za kwawo, aziyale pa tebulo, alembe dzina la uliwonse ndi zimene agogo awo anena za mtunduwo. Ndipo inu a m'tauni, mukapeza mayi akugulitsa nyemba zosakaniza, gulani pa mtengo woyenera, chifukwa mlimi amasunga chimene chili ndi wogula.